Pulinta Ikufuna Dalaivala

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chithupsa cha pamalo osaonetsa anthu. Koma popeza kwa Mposa ngakhale ana akuidziwa kale, ndipo aliyense akumaithira mchere wakewake, bola ndiinene ndekha. Ofuna kuseka sekani, ine manyazi anandithera pa Liwonde pomwepa.

Ndine manijala wa kopaletivi ya alimi a mpunga. Ofesi yathu ili pa Liwonde, koma mamembala ambiri ndi a kwa Mposa. Katundu wa mu ofesi ndi wowerengeka: matebulo awiri, fani yomwe inasiya kutembenuza khosi, pikapu imodzi, ndi pulinta yomwe ndinaipeza ilipo kale. Pulinta imeneyo ndi nkhalamba. Chivindikiro chake timamanga ndi mphira wa njinga, ndipo ikamasindikiza imalira ngati chigayo cha dizilo. Koma sinatigwiritsepo fuwa lamoto.

Winanso amene ndinamupeza alipo kale ndi Che Jafali, dalaivala wathu. Munthu wamtali, wa ndevu zaimvi, wosayankhulayankhula. Msewu wa kwa Mposa nthawi ya dzinja umameza malole, koma Che Jafali amadutsapo ngati akuyenda pakhonde la kwawo. Ine ndinkawalemekeza, inde, koma ulemu wake wa pa siteling'i basi.

Ndiye bungwe lina lotithandiza linatiitanira ku wekishopu ku Balaka, kuti likatipatse laputopu yatsopano m'malo mwa chikompyuta chathu chakale. M'mawa ndinamvetsera bwino. Mayi wophunzitsayo anati, “Kuyambira lero zonse zalumikizidwa. Sisitemu yatsopanoyi izitha kuona chilichonse: malipoti, katundu, ngakhale kayendedwe ka galimoto.”

Mawu amenewo ndinawasunga. Masana, nditakhuta nkhuku ya wekishopu, ndinazemba kukacheza ndi mnzanga wa ku sukulu. Ndinabwerera nthawi yojambulitsa chithunzi, n'kuima kutsogolo nditakumbatira laputopu ngati ndine ndaipanga.

Patapita sabata ziwiri kunali chisankho cha komiti yatsopano, Loweruka m'mawa, kwa Mposa. Chisankho cham'mbuyomo chinatha ndi mkangano, anthu ankati mapepala ovotera anachulukitsidwa kushopu komwe anasindikizidwa. Ndiye ulendo uno mamembala anapangana: mapepala asindikizidwe mu ofesi mwathu, Lachisanu, wapampando akuona ndi maso ake. Kwina kulikonse iyayi.

Wapampandoyo ndi Abiti Daudi, mayi wamfupi, wa mawu aakulu, amene amalima mpunga wochuluka kuposa amuna atatu. Bodza amalinunkhiza likadali kukhosi.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Lachisanu lomwelo m'mamawa ndinatuma Che Jafali ku Phalula ndi pikapu ya kopaletivi, kukanditengera chimanga kwa apongozi anga. Lamulo limaletsa zimenezo, ndipo lamulolo ndinalemba ndine.

“Wina akakufunsani, munene kuti mukupita kugalaja,” ndinawauza.

“Bwana, kunama Lachisanu iyayi. Ndingokhala chete.”

Abiti Daudi anafika nayini koloko, nakhala pampando wa alendo, chikwama pamiyendo. Ine ndinatsegula laputopu mwamatama, ndinalumikiza chingwe cha pulinta, ndinawongola tayi.

“Mayi, penyetsetsani. Mphindi khumi zokha tikhala tamaliza.”

Ndinadina Print.

Zii.

Ndinadinanso. Pulinta inangondiyang'ana ndi kagetsi kake kamodzi. Kenaka pakona pa sikirini panatuluka timawu:

Driver is unavailable.

Abale, mtima unagwa mpaka m'nsapato! Chingerezi ndimachidziwa, ndinakhoza bwino ku sekondale. Mawuwo ankanena poyera kuti dalaivala palibe. Ndipo dalaivala panalibedi! Mawu a mayi wa ku Balaka anandibwerera m'khutu: ngakhale kayendedwe ka galimoto.

“Yalemba chiyani?” anafunsa Abiti Daudi.

“Aaa, palibe. Ikutenthetsa injini.”

“Nanga thukutalo? Werengani mokweza, mumasulire.”

Ndinaganiza mwachangu. Ngati laputopu ikudziwa, ndiye kuti a bungwe akudziwa kale. Ngati a bungwe akudziwa, pofika masana aimbira wapampando. Bola ndiyambe ndine. Ndinatseka chitseko, n'kuima manja kumbuyo ngati mwana wa sitandade thuu.

“Mayi, makinawa akana kugwira ntchito chifukwa dalaivala sali pamalo. Ndawatuma ku Phalula. Chimanga changa. Kwa apongozi.”

Abiti Daudi anandiyang'ana ine, kenaka anayang'ana laputopu, maso akukula.

“Subhanallah! Kamakina aka kakuululani?”

“Kandiulula, mayi.”

“Ifeyo zaka zonsezi tikungokukayikirani, iko sabata ziwiri zokha kakugwirani! Ndi ulendo woyamba umenewu?”

Ndinayang'ana kadiso ka kamera pamwamba pa sikirini. Kanali kakundiyang'ana.

“Wachitatu.”

“Chaka chino?”

“Mwezi uno, mayi.”

Ndinaimba foni nthawi yomweyo. “Che Jafali, tembenukani pompano!”

“Bwana, tangokweza matumba anayi. Ndiponso apongozi anu andiphera nkhuku, ili pamoto.”

“Siyani nkhuku! Dziko lapsa kuno!”

Maola awiri amene tinadikira anali ngati mwezi. Laputopu ndinaitembenuzira kukhoma kuti isandione, ndipo ndinkayankhula monong'ona. Abiti Daudi sananong'one. Anandilalikira za dizilo, za matayala, za alimi amene amasenza mpunga pamutu pikapu ili kwa apongozi a manijala. Ndine Mkatolika wobatizidwa, koma ulaliki wotere sindinaumvepo ngakhale nyengo ya Lenti.

Pikapu italowa pageti, ndinathamanga ndi laputopu mpaka pawindo, n'kuilozetsa panja.

“Che Jafali, imikani apo! Tsikani! Imani pafupi ndi nambala puleti! Kwezani makiyi m'mwamba!”

Bamboyo anachita zonsezo, makiyi m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, matumba anga anayi akuonekera kumbuyo kwawo.

“Bwana, kwagwanji?”

“Musafunse. Ndi za sisitemu, si za magiya.”

“Chambone. Ndiye ndithamangire kumzikiti, nthawi ya Juma yakwana.”

Anapita. Ndinabwezeretsa chingwe, ndinadina Print.

Driver is unavailable.

“Koma yawaona!” ndinakuwa. “Mayi, inu ndinu mboni, yawaona ndi makiyi omwe!”

Apa ndinakumbukira Tadala, mwana wa mchemwali wanga, amene amagwira za makompyuta ku Blantyre. Anayankha monong'ona.

“Ankolo, ndili mu miting'i, fulumirani. Yalemba chiyani?”

“Akuti driver is unavailable. Koma dalaivalayo alipo, ndamuona ndi maso anga!”

“Alipo koma sisitemu sikumuzindikira. Ndi wa liti?”

“Ndinamupeza alipo kale. Zaka zikuyandikira makumi awiri.”

“Eee! Ndiye vuto ndi lomwelo. Wakalamba ameneyo, sangagwirizane ndi sisitemu yatsopano. Mchotseni, muike watsopano.”

“Ndimuchotse? Tadala, ulibe chisoni?”

“Chisoni cha chiyani, Ankolo? Aliyense akuchotsa akale. Mukapanda kumuchotsa, pulintayo sisindikiza ngakhale mutasala kudya.”

“Nanga watsopano ndimupeza kuti lero lomwe lino?”

“Pa intaneti angoti mbwee, aulere. Abwana akundiyang'ana, bayi!”

Foni inaduka. Ndinakhala pansi. Madalaivala aulere! Dziko likupita kuti? Ndiye amadya chiyani anthu amenewo?

Nditawafotokozera Abiti Daudi, anamenya tebulo.

“Iyayi! Che Jafali anandinyamulira mwana wanga woyembekezera kupita naye kuchipatala madzi atasefukira, magalimoto onse atakana. Achoke chifukwa cha kachipangizo kopanda ndi mano komwe?”

“Nanga mawa tikawauza chiyani anthu? Akaona tilibe mapepala, anena kuti inu ndi ine tapangana kukakamira mipando.”

Mayiyo anachotsa dzanja patebulo. Ankawadziwa anthu akwawo.

“Tichite chonchi,” ndinatero, nzeru zikusefukira. “Tiwachotse mpaka Lolemba lokha. Sisitemu ikaona kalata ikhutira, tisindikize, kenaka tiwabwezere mwakachetechete.”

“Mukufuna kunamizanso makina? Simunaphunzirepo kanthu m'mawa uja?”

Komabe sanandiletse. Ndinalemba kalata yokongola, Chingerezi cha m'buku, with deep regret yambirimbiri. Nditamaliza, dzanja linadina Print mwachizolowezi. Zii. Ndinadina, kudina, kudinanso mokwiya.

“Taonani nkhanza zake, mayi! Ngakhale kalata yowachotsera ntchito siituluka mpaka iwo atachoka!”

Panalibe kuchitira mwina, ndinayenera kuwauza pakamwa.

Che Jafali anabwera kuchokera kumzikiti atavala mkanjo woyera ndi kofia, nkhope ili phee ngati ya munthu amene wangoyankhula ndi Mulungu wake. Ndinawapatsa mpando wanga weniweni, chinthu chomwe sindinachitepo. Ndinatsokomola.

“Che Jafali, mwatitumikira mokhulupirika. Matope mwadutsa, mapiri mwakwera. Koma dzuwa likamalowa, salikoka ndi chingwe.”

“Wamwalira ndani, bwana?”

“Palibe. Kungoti ntchito yanu, kwa masiku ochepa chabe, yaima.”

Sanadzidzimuke. Anangoika manja pamaondo.

“Ndi za chimanga chija? Ine sindinauze munthu.”

“Iyayi, inu simunalakwe. Ndi sisitemu. Ikuti mwakalamba, simukugwirizana nayo. Katswiri wa ku Blantyre watsimikiza.”

“Ana anga awiri ali ku sekondale, bwana.”

Mawu amenewo anandilasa. Abiti Daudi anayang'ana kumbali, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

“Ndingaione nawo sisitemuyo?” anafunsa Che Jafali. “Paja munthu wokuchotsa ntchito ndi bwino umuone nkhope.”

Ndinatembenuza laputopu. Che Jafali anatulutsa magalasi m'thumba la mkanjo, anawerenga timawu tija, kenaka anayang'ana chingwe, n'kuchitsatira ndi maso mpaka pa pulinta. Milomo inayamba kunjenjemera. Anaimirira, natulukira pakhonde. Pawindo tinkaona mapewa awo akugwedezeka.

“Mwamuliza munthu wamkulu,” anatero Abiti Daudi. “Mulungu akukhululukireni.”

Anabwerera maso ali ofiira, misozi ili m'ndevu. Anapuma mozama kawiri.

“Bwana, pepani. Dalaivala akunenedwa apayu alibe laisensi.”

“Mukutanthauza chiyani?”

“Alibe mkazi, alibe ana, Phalula sakudziwako. Ndi kapulogalamu. Kamakhala pakati pa kompyuta ndi pulinta ngati womasulira kukhoti. Laputopu yanuyi ikuyankhula Chingerezi cha ana amasiku ano, agogo awa amangomva Chiyao chakale. Womasulira wawo anatsalira m'chikompyuta chakale chija. Basi.”

Ine ndi Abiti Daudi tinayang'anana.

“Ndiye galimoto sikuiona?” anafunsa Abiti Daudi.

“Iyayi, mama. Imaona zimene abwana alembamo okha. Akapanda kulemba ulendo, iyo ingadziwe bwanji?”

Abiti Daudi anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

“Ndiye kuti mwadziulula nokha. Maulendo atatu. Popanda wokufunsani.”

Ndinayang'ana pansi kufuna dzenje, koma simenti yathu ndi yolimba.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira mpaka lero, ndipo ndikamazinena ndimavula chipewa. Che Jafali anapinda manja a mkanjo. Anaitembenuza pulinta mosamala ngati akutembenuza wodwala, nawerenga nambala yake kunsi. Anatulutsa foni yawo yosweka galasi, n'kuigawirako laputopu intaneti. Zala zija ndinkaziona ngati za sipanala zinayamba kuyenda pa kiyibodi, osathamanga, koma osaphonya.

“Apa pavuta pang'ono,” anatero patapita kanthawi. “Amene anapanga pulintayi anasiya kale kuipangira womasulira wa sisitemu zatsopano. Akufuna mugule ina.”

“Ndiye tathedwa?”

“Bwana, pikapu yathu sipeya zake zinatha liti m'masitolo? Nanga siikuyenda?”

Anakopera dalaivala wa sisitemu yakale, n'kuiuza laputopu kuti imulandire ngati mlendo wachikulire, imuyankhule mwakale. Laputopu inaganiza, inaganiza, kenaka inakana. Ine ndinagwira kumutu. Iwo anangoti, “Ehe, yachita manyazi,” ngati akunena za mbuzi yokana kulowa m'khola.

Anayamba njira ina. Analetsa laputopu kudzisakira yokha, naiuza ndi dzanja khomo limene chingwe chalowera. Kenaka pa mndandanda wautali wa mapulinta anasankha ina ya kampani yomweyo, yaing'ono msinkhu koma ya banja limodzi.

“Iyi ndi mphwake. Chiyankhulo chawo n'chimodzi. Sipeya ya mng'ono imalowa mwa mkulu ukaidziwa mbali yake.”

Podikira, anamasula mphira wa njinga uja, anatsegula chivindikiro, napukuta timatayala tokoka mapepala ndi kansalu konyowa. Anaika khutu pambali pa pulinta ngati akumvetsera injini.

Sindinathe kupirira. “Che Jafali, zimenezi munaziphunzira kuti?”

“Kumadrasa kwathu kuli pulinta yokalamba kuposa iyi, mayeso a ana ndimasindikiza ndine. Ndiye zaka zonsezi ndikudikira mabwana panja pa mawekishopu, foni ili m'manja, ndizingogona? Komanso ku Balaka kuja, inu mutapita kwa anzanu, mayi ophunzitsa anaona mpando wopanda munthu, anati lowani mukhalepo. Masana onse anaphunzitsa za mapulinta akale.”

“Bwanji simunandiuze?”

“Munati si za magiya, bwana.”

Abiti Daudi anaseka mpaka chikwama chinagwa pansi.

Kenaka kagetsi kaja kanaphethira. Mkati mwa pulinta munamveka kukhosomola, kenaka kulira kuja kwa chigayo cha dizilo. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero! Abiti Daudi anaimba nthungululu mpaka mayi wogulitsa mandasi pageti anasuzumira pawindo.

Ndisakusiyeni m'malere: mapepala ovotera anatuluka onse tsiku lomwelo, wapampando akuwerenga limodzilimodzi, ndipo chisankho chinayenda popanda wotukwana mnzake. Koma si amene anayamba kutuluka. Pulinta, monga ndinaphunzirira tsiku limenelo, siiwala chimene unaituma. Imasunga pamzere.

Ndisanadziwe chikuchitika n'chiyani, Che Jafali anali atachotsa kale mapepala ovotera a m'mawa pamzerewo kuti tiyambe bwino wapampando akuona. Zotsalazo anazisiya, poganiza kuti ndi makalata ofunika a ofesi.

Pepala loyamba linatuluka lotentha. Ine ndinakuwa, “Mavoti!” Che Jafali analitola. Linatuluka lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chiwiri, onse ofanana. Ndinaona mutu wake uli chadodolido m'manja mwawo.

With deep regret.

Ndinalumpha kuti ndilande, koma bamboyo ndi wamtali. Anakonza magalasi, nawerenga kalata yonse modekha kuyambira deti mpaka pansi, akugwedeza mutu ngati mphunzitsi wochonga mayeso. Atamaliza anaikweza kuwindo kuti aione bwino.

“Yatuluka bwino kwambiri, bwana, inki ikadalimo. Kungoti dzina langa mwalemba Jafari, pomwe ine ndi wa L. Ndikonze ndikusindikizireninso, kapena musaina chomwechi?”

Usanamuchotse munthu ntchito, yamba wafufuza ngati iyeyo sakuidziwa yakoyo kukuposa.